Mankhwala kapena chipangizo chachipatala chikapweteka munthu, mlandu umagwa pa ndani?

WaKomiti_Lobi

Akuluakulu, ndili mu komiti yolumikiza mudzi ndi chipatala kuno kumbali ya Lobi, ndipo pali nkhani ziwiri zimene anthu abwera nazo zomwe tikufuna tiwayankhe zoona.

Yoyamba ndi ya mwana wa zaka ziwiri amene anamwetsedwa sirapu wa chifuwa wogulidwa pa kasitolo ka mankhwala. Patapita masiku ochepa anayamba kusanza, kenako anasiya kukodza, pano wagonekedwa ndipo akuti impso zavulala. Botolo lilipo, latsala theka, koma risiti palibe. Yachiwiri ndi ya abambo ena odwala shuga amene kamakina kawo koyezera kankaonetsa manambala okwera, iwo n'kumawonjezera insulin mpaka anakomoka kumunda.

Wolakwa ndani pamenepa: wogulitsa, amene anabweretsa katunduyu m'dziko muno, fakitale, kapena boma limene linalola kuti azigulitsidwa? Ayambire pati? Achibale ena akuti apite kwa amfumu, wogulitsayo apereke mbuzi ndi ndalama ya thiransipoti, nkhani ithe.

WaFamase_Dedza

Mayi, za malamulo anena eni ake, ine ndinena za botolo, chifukwa nkhani zambiri zotere zimafera pomwepo.

Botololo lipite kwa dokotala amene akuona mwanayo, aliwerenge, alembe dzina la mankhwalawo m'faelo, koma libwerere m'manja mwa makolo. Sirapuyo asamwetsedwenso mwana wina ngakhale supuni imodzi, ndipo mufunse m'mudzimo ngati pali ena anagula pamalo omwewo.

Lero lomwe mujambule botolo ndi katoni yake mbali zonse ndi foni, zolembedwa zizioneka bwino: dzina la mankhwala ndi mphamvu yake, dzina ndi adiresi ya fakitale, tsiku lopangidwa, tsiku lotha mphamvu, ndi batch number. Nambala imeneyi ndiye mutu wa zonse. Fakitale imapanga mankhwala m'magulumagulu, gulu lililonse ndi nambala yake, ndipo imayenera kusunga zolemba za gululo ndi mabotolo ena oyeserapo mtsogolo. Nambala yomweyo imayenera kupezeka pa invoisi ya amene anaitanitsa katunduyo kunja ndi ya wogulitsa pikupiku. Ndiye ikakhalapo, munthu amatha kulondola botolo kuchokera pa shelefu ku Lobi mpaka pakhomo la fakitale. Ikafufutika kapena katoni ikayatsidwira moto, njira yatsekeka.

Kusunga kwake, tsekani chivindikiro bwinobwino, musathiremo madzi, musatsanulire m'botolo lina, likani mu jumbo yoyera pamodzi ndi kakapu koyezera, musunge pamalo pozizira posafika dzuwa. Munthu mmodzi yekha ndiye akhale wosunga.

Chinthu chimene ambiri sachiganizira n'chakuti botolo lotsegula kale ndi umboni wofooka. Wogulitsa ndi fakitale adzangonena kuti choipacho chinalowera kunyumba. Choncho musanayambe phokoso, tumani munthu wina akagule mabotolo awiri osatsegula a batch number yomweyo pa sitolo yomweyo, apemphe risiti yolembedwa dzina la mankhwala ndi tsiku, ndipo ngati n'kotheka alipire pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga wa pafoni ukhale mboni yachiwiri. Mukayamba ndi kukalalata, mawa lake shelefu idzapezeka yopanda kanthu.

Kenako nkhaniyi ifike ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Njira yachidule ndi kudzera kwa wa famase wa pachipatala cha boma, amene amakhala ndi fomu yolembera zovuta zobwera ndi mankhwala. PMRA ili ndi labotale yake ku Lilongwe ndipo ili ndi mphamvu yolamula kuti gulu lonse la mankhwala lichotsedwe pamsika. Popereka botolo, wolandirayo alembe pa pepala dzina lake, udindo wake, tsiku, batch number ndi kuchuluka kwa zimene walandira, asaine, pepalalo mutsale nalo. Musapereke zonse. Botolo limodzi losatsegula litsale kwa inu.

Chifukwa chimene ndikulimbikira zoyeza n'chakuti zizindikiro mwanenazi zikufanana ndi zimene zinaoneka ku Gambia mu 2022, kumene ana pafupifupi 70 anamwalira ndi vuto la impso, ndipo WHO inatulutsa chenjezo mu October chaka chimenecho pa masirapu anayi opangidwa ndi Maiden Pharmaceuticals ya ku India. M'masirapuwo munapezeka poizoni wotchedwa diethylene glycol ndi ethylene glycol. Zimachitika chonchi: sirapu amasungunulidwa ndi glycerin kapena propylene glycol, ndiye fakitale ikagula zotchipa zogwiritsa ntchito m'mafakitale ena, n'kulephera kuyeza mgolo uliwonse, poizoniyo amalowa. Ndi wotsekemera, saoneka ndi maso, sanunkha. Amapezeka pokhapokha poyeza mu labotale, monga ndi makina a gas chromatography. Zomwezo zinachitika ku Nigeria mu 2008 ndi mankhwala a ana a My Pikin, ndiponso ku Indonesia ndi ku Uzbekistan mu 2022. Sindikunena kuti za ku Lobi ndi zimenezi, ndikunena kuti diso silingatsutse kapena kuvomereza.

Komanso si vuto lililonse limachokera ku fakitale. Insulin ndi oxytocin zimafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo insulin ikaundana mu firiji yawonongeka. Mapiritsi ambiri, kuphatikizapo LA, amalembedwa kuti asapose madigiri 30, pamene m'kasitolo ka malata ku Golomoti kapena Mtakataka mwezi wa October kutentha kumaposa pamenepo. Mankhwala akawonongekera m'manja mwa wogulitsa, fakitale imatulutsa botolo lake losungidwa, limayezedwa n'kupezeka labwino, mlandu n'kutsalira wogulitsayo.

Kiliniko_Ntcheu

Ndiwonjezere pa zimene anena a famasewa. Kusonyeza kuti sirapu ndi woipa ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kusonyeza kuti sirapuyo ndiye wavulaza mwanayu, ndipo apa m'pamene mbali inayo idzamenyere nkhondo.

Impso za mwana zimatha kuima pa zifukwa zambiri zimene timaziona tsiku ndi tsiku: malungo aakulu, kutha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba, matenda olowa m'magazi, mankhwala azitsamba, ibuprofen woperekedwa kwa mwana wotha madzi kale, ngakhale jakisoni wa gentamicin. Loya wa kampani adzafunsa chimodzichimodzi. Yankho lake liyenera kupezeka m'faelo, osati m'mutu mwa mayi ake a mwana.

Ndiye makolo apemphe mwaulemu kuti izi zilembedwe: tsiku ndi nthawi imene mwana anayamba kumwa sirapu, mamililita angati, kangati pa tsiku, anasiya liti, kusanza kunayamba liti, anakodza komaliza liti, ndi kulemera kwake. Zotsatira za malungo zikhalemo, creatinine ndi urea, zoyeza magazi zosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, zikhalemo ndi masiku ake, ndi kuchuluka kwa mkodzo pa maola 24. Anene zoona zonse za china chilichonse chimene mwana anamwa, ngakhale cha kwa asing'anga. Kubisa kumasocheretsa wochiza lero, ndipo kukadzaululika kukhoti umboni wonse umakayikitsa. Ngati dokotala akukayikira poizoni, magazi ndi mkodzo zitengedwe msanga, chifukwa poizoniyu sakhalitsa m'magazi. Pakatha masiku angapo amatsala ndi mabala ake okha. Mwana wosakodza amafunika chipatala chachikulu, ndipo kwa ife a Dedza ndi Ntcheu makina osefa magazi ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kalata yotumizira nayo ndi umboni, ijambulidwe. Buku la kuchipatala lisatayike.

Chinanso, mayi, muthandize anthu kusiyanitsa zinthu zimene pamudzi zimangotchedwa "mankhwala amupweteka". Pali mankhwala oipa enieni, oipitsidwa kapena abodza kapena opanda mphamvu yokwanira. Pali mankhwala abwino operekedwa molakwika. Chitsanzo, panado wamadzi alipo wa 120 mg pa 5 ml ndi wa 250 mg pa 5 ml. Mwana wa makilogalamu 10 amafunika pafupifupi 150 mg, ndiwo mamililita 6 a woyambayo. Wogulitsa akapereka botolo lachiwirilo n'kunena mamililita 6 omwewo, mwana akumwa 300 mg nthawi iliyonse, kawiri mlingo wake, ndipo chiwindi chimatha kuvulala. Pamenepo fakitale ilibe mlandu, wolakwa ndi wopereka. Ndiye pali zovuta zodziwika kale za mankhwala abwino operekedwa bwino, monga khungu kusupuka ndi zilonda m'kamwa ndi m'maso kwa anthu ena akamwa bactrim. Zimenezi zokha sizipanga mlandu. Mlandu umabwera ngati m'buku munalembedwa kale kuti munthuyu sagwirizana ndi mankhwalawa koma anapatsidwabe, kapena anabwerera ndi zidzolo n'kuuzidwa kuti apitirize.

Ndinene chovuta kumva. Munthu akamwalira ndipo banja likuganiza zodzasuma, lipemphe kuti thupi lipimidwe lisanaikidwe. Ndikudziwa kuti pamaliro palibe amafuna kumva zimenezo, koma popanda chikalata cha wopima, chifukwa cha imfa chimakhala chongoganizira.

Wazamalamulo_LL

Mayi a ku Lobi, yankho lalifupi ndi lakuti mlandu umagwa pa amene choipacho chinalowera m'manja mwake, ndipo nthawi zambiri timasumira angapo pamodzi, khoti n'kugawa. Koma njira zake n'zosiyana.

Njira yoyamba ndi ya malonda. Sale of Goods Act imati wochita malonda akagulitsa katundu, katunduyo ayenera kukhala wabwino mogulitsika ndi woyenera ntchito imene wagulidwira. Ubwino wa njirayi ndi wakuti simufunika kusonyeza kuti wogulitsa analekerera. Ngakhale atalumbira kuti sankadziwa, sirapu wa poizoni si katundu wogulitsika, iyeyo akadzitengere yekha kwa amene anamuoda. Kuipa kwake, imateteza wogula yekha, amene anapangana malonda ndi wogulitsa. Imagwiranso ntchito pokhapokha pali kugula. Mankhwala olandira ulere kuchipatala cha boma salowa m'njira imeneyi. Risiti ikasowa mlandu sunafe, chifukwa malonda amatha kutsimikizidwa ndi mboni, uthenga wa ndalama pafoni, mtengo wolembedwa pa katoni ndi dzanja la wogulitsa, kapena buku lake lomwe.

Njira yachiwiri ndi ya kulekerera, ndipo ndiyo ya mwanayo mwini, kudzera mwa kholo lomuimira. Maziko ake ndi mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932, wa mayi wa ku Scotland amene anadandaula kuti anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa chimene anamugulira mnzake. Chigamulocho chinati wopanga katundu ali ndi udindo wosamala kwa munthu amene adzagwiritse ntchito katunduyo, ngakhale sanagulane naye, ndipo makhoti athu amatsatira mfundo imeneyi. Muyenera kusonyeza kuti panali udindo wosamala, udindowo unaphwanyidwa, ndipo kuphwanyako ndiko kwabweretsa kuvulala. Simungalowe m'fakitale kukaona amene sanayeze mgolo, koma poizoni akapezeka m'botolo losatsegula, khoti limatha kunena kuti chinthucho chikudzinenera chokha, fakitale ifotokoze. Mukuona chifukwa chake a famase akuti mugule losatsegula.

Mayiko ena anafewetsa zimenezi. Thalidomide, mankhwala amene amayi oyembekezera ankamwa kuyambira 1957 mpaka anachotsedwa mu 1961, anachititsa ana oposa 10,000 kubadwa ndi manja ndi miyendo yosakwanira, ndipo mabanja anavutika zaka zambiri kusonyeza kulekerera. Pambuyo pake mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1985 kuti wopanga alipire katundu akangopezeka wolakwika, popanda kufunsa ngati analekerera. South Africa inaika zofanana mu gawo 61 la lamulo lake loteteza ogula la 2008. Kwathu kuno tili ndi Consumer Protection Act ya 2003 ndi Competition and Fair Trading Act yatsopano ya 2024, ndipo loya adzazitchula, koma milandu ya kuvulala m'makhoti mwathu imayenda kwambiri pa kulekerera. Konzekerani umboni wa njira imeneyo.

Tsono tisume ndani? Pa pepala fakitale ndiyo yolakwa kwambiri. Koma ikakhala ku India kapena ku China, pamafunika chilolezo cha khoti chotumizira masamoni kunja, ndipo mukapambana muyenera kukatsatira chigamulocho kudziko lakwawo ndi maloya akumeneko. Banja la ku Lobi silingakwanitse. Amene mungamufikire ndi kampani imene inaitanitsa mankhwalawo, yolembetsedwa kuno, yokhala ndi ofesi, katundu, ndipo nthawi zina inshulansi. Nayo ili ndi udindo wogula kwa opanga odalirika, kulembetsa mankhwala, kusunga bwino, ndi kuchotsa katundu pamsika ikangomva dandaulo. Kusumira bungwe loyang'anira n'kovuta kwambiri, chifukwa kulephera kugwira choipa chilichonse sikukwanira kukhala mlandu, ngakhale mabanja a ku Gambia anaphatikiza fakitale, woitanitsa, bungwe loyang'anira mankhwala ndi unduna wa zaumoyo pa mlandu umodzi.

Cholakwa chikachitikira kuchipatala, olemba ntchito ndiwo amayankha pa zochita za antchito awo. Chipatala cha mishoni kapena cha munthu, mumasumira eni ake. Cha boma, mumasumira kudzera kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limafuna kuti mupereke kaye chidziwitso cholemba, n'kudikira miyezi itatu musanatsegule mlandu. Muyeso wa dokotala kapena namwino si wakuti wodwala wachira kapena ayi, koma ngati anachita zimene anzake odziwa ntchitoyo akanachita.

Kwathu timati mlandu suola, koma kukhoti umaola. Limitation Act imapereka zaka zitatu zokha pa mlandu wa kuvulala kwa thupi chifukwa cha kulekerera. Kwa ana lamulo limapereka mpata wina, koma musaudalire, chifukwa mboni zimasamuka, mafaelo amasowa, kampani zimatsekedwa. Kudandaula ku PMRA, kwa amfumu kapena kwa ombudsman sikuimitsa zaka zitatuzo.

Chipukuta misozi chili pawiri. Pali cha ululu, kutaya chisangalalo cha moyo, chilema, ndi kulephera kudzagwira ntchito, chimene khoti limayerekeza ndi milandu ina yofanana. Ndiye pali ndalama zimene mwawononga, ndipo izi khoti limafuna zitchulidwe chimodzichimodzi ndi umboni wake. Sungani kope: tsiku, minibasi kapena kabaza zingati, chakudya cha wodikirira, mankhwala ogula, masiku amene bambo sanapite ku ganyu kapena kumsika. Pakakhala imfa, Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act imalola kusumira kufupikitsidwa kwa moyo ndi thandizo limene odalira malemuyo ataya. Dziwaninso kuti ngati wovulalayo anathandizira yekha, monga kumwa mopyola zimene anauzidwa, khoti limachotsera.

Osakwanitsa loya apite ku Legal Aid Bureau ndi mapepala onse. Milandu yaikulu ya kuvulala imapita ku High Court, kwa inu ku Lilongwe, ndipo malamulo a 2017 amafuna kuti mbali ziwirizo ziyambe zayesa kugwirizana pamaso pa woweruza mlandu usanazengedwe. Madandaulo aulere aliponso: bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC pa za malonda osayenera, Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council pa khalidwe la ogwira ntchito, ndi ombudsman wa pachipatala. Amenewa amalanga ndi kukonza, ndipo malipoti awo amathandiza kukhoti, koma chipukuta misozi chokwanira cha impso za mwana chimachokera kukhoti kapena pa mgwirizano wolembedwa bwino.

WaKomiti_Lobi

Zikomo kwambiri nonse. Tafufuza, zikuoneka kuti wogulitsayo alibe chiphaso chilichonse pakhoma, ndipo anthu akuti katundu wake amakatenga kumalire. Zikatero zimakhala bwanji? Komanso za kamakina ka shuga zija sizinayankhidwe.

Injiniya_waZipangizo

Mayi, ndiyankhe za kamakinako. Pa zipangizo funso loyamba limakhala lakuti cholakwika ndi chipangizo, zinthu zoyendera limodzi nacho, kapena kagwiritsidwe kake, ndipo pa makina a shuga kawirikawiri vuto limapezeka pa timapepala toyezera.

Abambowo asataye kanthu: makina, kabotolo ka timapepala ndi lot number yake (nambala ya gulu, monga batch number ija), katoni, kabuku ka malangizo. Asachotse batire ndipo asafufute zimene makina anasunga, chifukwa ambiri amasunga manambala ndi tsiku ndi nthawi. Zimenezo zijambulidwe chimodzichimodzi, ziyerekezedwe ndi mlingo wa insulin umene ankabaya tsiku lililonse ndi shuga amene anapezeka atafika kuchipatala.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Apite ku labotale ya chipatala, atengedwe magazi a mumtsempha, ndipo nthawi yomweyo ayeze chala ndi makina awo, katatu, kenako abwereze ndi kabotolo katsopano ka timapepala. Wa labotale alembe zotsatira ndi kusaina. Muyeso wa ISO 15197 wa 2013 umati pa zoyeza 100, zosachepera 95 zisasiyane ndi za labotale moposa 15 mg/dL shuga akakhala pansi pa 100, kapena moposa 15 peresenti akakhala 100 kapena kuposa. Ndiye labotale ikati 120, makina n'kunena 132, palibe cholakwa. Ikati 120, makina n'kumanena 220 mobwerezabwereza ndi timapepala tatsopano, makinawo ndi olakwika. Akakhoza ndi tatsopano koma n'kulakwa ndi takale, vuto ndi timapepala, ndipo funso limasanduka lakuti tinawonongekera kuti: tinagulitsidwa totha kale mphamvu, tinagulitsidwa timodzitimodzi m'kapepala kunja kwa kabotolo kake, kapena tinalowa chinyezi kunyumba chifukwa chosatseka. Kuzizira kwa m'mawa kwa June ndi July kuno ku Dedza nakonso kuonedwe, chifukwa kabuku kalikonse kamanena malire a kutentha ndi kuzizira amene makina amagwirira ntchito bwino.

Pali zina ziwiri zimene mbali inayo idzafunse. Chala chosasamba munthu atagwira mango, nzimbe kapena nthochi chimakweza nambala kwambiri. Ndiponso makina ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL, kusiyana kwake n'kuchulukitsa ndi 18, kotero 7 pa ena ndi 126 pa ena. Munthu wozolowera manambala ang'onoang'ono akagula makina a manambala akuluakulu popanda womufotokozera amaganiza kuti shuga wakwera koopsa. Pamenepo makina alibe vuto, koma wogulitsa amene sanafotokoze, kapena wogulitsa makina opanda malangizo omveka, ali ndi choyankha. Adzafunsanso ngati abambowo anauzidwa ndi achipatala kuti aziwonjezera okha insulin.

Poti komiti yanu idzakumana ndi zina, ndinene za zipangizo zolowa m'thupi. Chitsulo chogwirizira fupa chikathyoka, chikachotsedwa wodwala apemphe kuti chisungidwe m'chikutu chosindikizidwa, chisapalidwe kapena kupukutidwa pothyokapo, chifukwa wodziwa zitsulo amawerenga pamenepo ngati chinali ndi mng'alu wa kufakitale kapena chinatopa ndi kupindika. Fupa likachedwa kulumikizana, kapena munthu akayamba kuponda msanga, chitsulo chabwinobwino chimathyoka. Kasitika ka lot number kamayenera kumatidwa m'zolemba za ku fiyeta, ndipo n'kamene kanathandiza kupeza odwala pamene kampani ya DePuy inachotsa pamsika ziuno zake zachitsulo za ASR mu 2010, zimene zinali zitaikidwa mwa anthu pafupifupi 93,000.

Za kulera nazo zimabwera kawirikawiri. Implanon ndi kandodo kamodzi koika pamkono ka zaka zitatu, Jadelle ndi tiwiri ta zaka zisanu. Mayi akatenga pakati ali nako, sizitanthauza msanga kuti n'kolakwika. Kaonedwe ngati kalimodi pamkono, ngati mimba sinalipo kale tsiku loika, ngati nthawi yake sinathe, ndiponso ngati mayiyo sankamwa rifampicin wa TB kapena efavirenz wa HIV, amene amachepetsa mphamvu yake. Ngati ankamwa ndipo palibe anamuchenjeza kuti awonjezere njira ina, nkhani ili pa uphungu, osati pa fakitale. Khadi lolembedwa tsiku loika ndi lot number ndilo limayankha zonsezi.

Wazamalamulo_LL

Pa wogulitsa wopanda chiphaso, mayi, mlandu wake umalimba koma thumba lolipira limachepa. Kugulitsa mankhwala popanda chilolezo, kapena kugulitsa osalembetsedwa, ndi mlandu wa boma pansi pa lamulo la PMRA, ndipo mukanene ku PMRA ndi kupolisi. Kukhoti la chipukuta misozi sangadziteteze kuti anasamala. Vuto n'lakuti katundu wolowa mozemba alibe woitanitsa wodziwika, ndipo fakitale yolembedwa pa botolo ikhoza kunena kuti si wake, ndi wabodza, n'kukhala ikunena zoona. Mumatsala ndi munthu mmodzi amene chuma chake chonse ndi shelefu ndi njinga. Komabe musagamule msanga ndi mphekesera. Ofufuza akamufunsa invoisi, nthawi zina zimapezeka kuti anaoda kwa wogulitsa pikupiku wachiphaso ku Lilongwe, amene sankayenera kugulitsa kwa munthu wopanda chilolezo, ndipo ameneyo amalowa mu mlandu.

Za kwa amfumu, palibe choletsa banja kulandira thandizo la thiransipoti ndi chakudya pamene mwana ali m'chipatala. Choopsa ndi kusaina kapena kudinda chala pa pepala lonena kuti nkhani yatha. Lero palibe akudziwa ngati impsozo zibwerera kapena mwanayo adzafuna chipatala moyo wake wonse. Chilichonse cholandiridwa chilembedwe kuti ndi thandizo la pakali pano, osati malipiro omaliza, ndipo botolo lisaperekedwe kwa wogulitsa posinthana ndi ndalama. Mgwirizano wotseka mlandu wa mwana umayenera kuvomerezedwa ndi khoti. Ndiponso uzani achibale asalembe dzina la sitolo kapena la munthuyo pa Facebook ndi WhatsApp kuti wapha mwana zotsatira zisanatuluke, angadzasumiridwe iwowo chifukwa choipitsa mbiri.

WaFamase_Dedza

Poti mwatchula za kumalire, muonenso chilankhulo cha pa katoni. Katundu wopangidwira msika wa Mozambique amakhala wolembedwa m'Chipwitikizi, ndipo amapezeka m'misika ya m'mbali mwa M1 monga Lizulu ndi Tsangano. Sizitanthauza kuti ndi woipa, koma zimasonyeza kuti mwina sanadutse njira yovomerezeka ya kuno, ndipo mukanene zimenezo polemba fomu. Ngati katoniyo yalembedwa kuti ndi katundu wa boma wosagulitsa, jambulani pamenepo padera, chifukwa ndi nkhani inanso ya apolisi.

Musadikire zotsatira za labotale kuti muchenjeze anthu. Uzani alangizi a zaumoyo a dera lanu ndi wa famase wa pachipatala cha boma dzina la sirapuyo ndi batch number lero, kuti mwana wina aliyense wobwera akusanza kapena osakodza afunsidwe msanga chimene wamwa.